A Ngozo Sanamve

"Foni? Ukuti ndiwaimbire foni?" a Silvester Ndau adafunsa, akumuyang'ana mwana wawo Thokozile ngati wawatuma kukaba nkhuku.

"Ee, foni. Ili m'thumba la jekete lanumo, bambo. Mayunitsi ndikuikirani ine."

"Iwe, matenda a munthu wamkulu amanenedwa pafoni ngati mtengo wa kachewere? Amayi akowa ali ndi eni ake. Ine ndidangopempha chitengwa kuti tidzakhale kuno ku Biriwiri, sindidagule munthu. Mwini mbumba ndi malume ako a Ngozo ku Champiti. Ndinyamule mlongo wawo kupita naye ku Lilongwe iwo asakudziwa, kukachitika china kumeneko, mlandu wake ausenza ndani? Iwe?"

"Ndiye auzenitu!"

"N'zimene ndikunena. Ndiwauza. Koma uthenga wotere umapita ndi nkhoswe, wapamiyendo, chipewa chili m'manja."

"Nkhoswe yanu a Kingston ali ku Mozambique kokagula mbewu. Abwera liti?"

"Abwera."

"Dokotala anati Lolemba likubwerali, bambo. Munalipo, munamva."

"Tsitsa mawu."

Awiriwa adaima kuseri kwa shedi yosungiramo kachewere. Tsidya lina la bwalo, m'khitchini, a Lufina, amene mudzi wonse unkawatchula kuti Nangozo, adayamba kutsokomola. Chidali chifuwa chouma, chachitali, chomveka ngati wina akukoka tebulo pasimenti. Bambo ndi mwana adadikira mpaka chidaleka.

Nangozo adamwa mankhwala a chifuwa chachikulu theka la chaka osasintha, asanatumizidwe ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene adawajambula ndi kuwadula kanyama m'chifuwa kokayeza. Tsiku lokatenga zotsatira, a Ndau adati mayiyo apume, pakuti nkhani zazikulu zimamvedwa ndi mwamuna. Adamutenga Thokozile kuti awanyamulire chikwama, ngakhale zoona zake n'zakuti ku Lilongwe a Ndau sankatha kuwoloka msewu okha.

Dokotala adali mtsikana, ndipo a Ndau adamuyesa namwino mpaka pamene adakhala pampando waukulu uja. Sadazungulire: khansa ya m'mapapo. Kuchira sadalonjeze. Koma adati zinthu zidasintha. Mankhwala a m'diripi alipo, ndipo makina owotchera khansa amene kale anthu ankawatsatira kunja kwa dziko tsopano ali konkuno. Atayamba msanga, mayiyo angathe kupuma bwino, kudya, mwina kuonanso zokolola zina. "Chachikulu abwere akadali kuyenda okha," adatero. "Mankhwalawa ndi aukali, thupi lofooka silingawalandire. Ndipo abwere adzamve ndi makutu awo."

"Nanga amayiwo muwauza liti?" Thokozile adafunsa tsopano, monong'ona.

"Sauzidwa."

"Bambo!"

"Mawu amapha kuposa matenda. Ukamuuza munthu kuti ali ndi khansa, wamukumbira manda ndi lilime. Ndiye khansa yake ya m'mapaponso! Ija ya osuta fodya. Mkazi wa mkulu wa mpingo! Anthu adzati amasuta chingambwe kuseri kwa khola."

"Dokotala anati ngakhale utsi wa m'khitchini umatero. Zaka zonsezi akuphika m'kanyumba kopanda windo."

"Dokotala sakhala m'mudzi muno."

"Ndionetsetse adathetsa nkhosa, bambo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyambi ndili nayo nanenso, ndipo yanga ndidayamba kuidziwa iwe usanabadwe. Ine ndakhala wapampando wa makomiti atatu m'dera lino. Palibe imene idagwa chifukwa chodikira."

Izi zidali zoona. Makomiti atatu onsewo adali asanachitepo kanthu kena kalikonse koti kangagwe.

"Ndipo tamvera," a Ndau adawonjeza, akukonza kolala ya jekete. "Ukawauza amayi ako, akakomoka n'kutisiya, usadzanditchulenso kuti bambo. Udzakhala utawapha ndiwe."

Thokozile adali mayi wa ana awiri, wogulitsa kabichi ndi karoti m'mphepete mwa msewu waukulu, wodziwa kukangana ndi madalaivala a malole mpaka iwo kupepesa. Koma mawu akuti "udzakhala utawapha ndiwe" adamulowa ngati minga ya m'phazi. M'mawa mwake, ali pamalo pake pogulitsira, adaganiza zodulira njira. Adaimba foni ku Champiti.

A Maynard Ngozo adapuma pantchito ya umesenjala wa kukhoti. Ankakhulupirira kuti milandu yonse imene idaweruzidwa bwino m'zaka zawo idatero chifukwa cha kanyamulidwe kawo ka mafayilo.

"Malume, ndine Thokozile."

"Ndakumva, mwana wa mlongo wanga. Kwagwanji?"

Thokozile adafotokoza zonse, kuyambira kanyama kaja mpaka Lolemba. Atamaliza, pafoni padamveka nkhuku za ku Champiti.

"Wakutuma ndani?" a Ngozo adafunsa.

"Palibe, malume. Ndangoona kuti nthawi..."

"Bambo ako ali moyo?"

"Ali moyo."

"Miyendo ali nayo?"

"Ali nayo, malume."

"Nanga nkhoswe zidatha ku Biriwiri? Pamene ankadzapempha mlongo wanga, adaimba foni?"

"Nthawi imeneyo mafoni kunalibe."

"Ulemu unalipo. Mwanawe, ine ndagwira ntchito kukhoti. Nkhani yolowera pawindo, khoti siliimva. Ine sindinamve."

"Koma mwamva, malume."

"Makutu amva. Ine sindinamve."

Adadula foni. Akazi awo adanena pambuyo pake kuti tsiku limenelo a Ngozo sadadye kanthu, adangokhala pakhonde akuyang'ana kunjira, maso ali ofiira. Madzulo adapukuta nsapato zawo zakuda, kuti mthenga akafika adzawapeze okonzeka.

Patapita masiku awiri, wamalonda wina wogula kachewere adaima pakhomo pa a Ndau ndi uthenga: a Ngozo akuti sanamve chilichonse, ndipo akudikira.

"Waona?" a Ndau adakalipa wamalondayo atachoka, atamukokeranso Thokozile kuseri kwa shedi. "Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Wandivula pamaso pa alamu anga. Tsopano ku Champiti konse akuti Ndau amatuma ana aakazi kukanena matenda."

"Bambo, ndifunse. Uthenga wakuti malume sanamve wadzera mwa wogula kachewere, mwaulandira. Wakuti mlongo wawo akudwala sungadzere mwa munthu yemweyo pobwerera?"

"Uwu si uthenga. Ili ndi dandaulo. Dandaulo limayenda ndi aliyense."

"Ndiye kwerani kabaza mupite nokha. Pofika masana mukhala mwafika."

"Ndikadapita ndekha, ukadapanda kuimba foni yakoyo."

"Simukadapita."

"Ndikadaganiza zopita. Koma tsopano ndikapita, zikhala ngati andiitanira kukhoti kwawoko. Mesenjala! Munthu woti ankaitana mayina pakhomo! Ine si woimbidwa mlandu. Tidikira a Kingston."

"Nanga Lolemba?"

"Malolemba ndi ambiri. Mulungu sadalenge limodzi."

Lolemba lidafika monga limafikira nthawi zonse, osafunsa ngati nkhoswe yabwera. A Ndau adalithera kumsonkhano wa komiti ya mjigo.

Mkati mwa sabata imeneyo, Thokozile adapeza amayi ake pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Kudali chisanu cha mwezi wa Juni, chija chotsika m'mapiri ngati chili ndi ngongole ndi munthu. Nangozo adafunda zitenje ziwiri, ndipo mphete yaukwati adaimangirira ndi ulusi kuti isavuke.

"Khala apa undithandize," adatero. "Maso anga akuona miyala ngati nyemba."

Thokozile adakhala.

"Thoko, zotsatira zija anati chiyani kwenikweni?"

"Si bambo anakuuzani?"

"Anati chifuwa chokhalitsa. Chimatha chokha kukafunda."

"Eya."

"Nanga bwanji masiku ano ukamandiyankhula umayang'ana mapazi anga? Mapazi angawa akukongola?"

Thokozile adayesa kuseka. "Amayi, tiyeni ku Lilongwe mawa. Ine ndi inu basi. Akakuoneninso."

"Osawauza bambo ako?"

"Tidzawauza pobwera."

"Iii, mwana iwe. Ndithawe pakhomo ngati mtsikana wotomeredwa kwina? Kukatani, poti n'chifuwa chabe? Kachewere akukumbidwa, aganyu akufuna chakudya kumunda. Ndipo kumeneko amangokubaya majekeseni, n'kukuuza kuti ubwerenso." Adatsokomola, nagwira chipilala cha khonde mpaka chidadutsa. "Chikadakhala chachikulu, bambo ako akadandiuza. Ali ndi zofooka zawo, amakonda kumva mawu awo omwe, pena ndimagona iwo akadali pa mfundo yachiwiri. Koma chikwatirane, sanandinamizepo."

Thokozile adatsegula pakamwa kuti anene zoona. Nthawi yomweyo a Ndau adatulukira kuchipata akukankha njinga, natsokomola kachifuwa kawo kaja ka wapampando, koyeretsera kukhosi asanatsegule msonkhano. Adamuyang'ana mwana wawo. Thokozile adaweramira m'lichero, natola kamwala.

Loweruka Nangozo adasenza dengu la chakudya cha aganyu kukwera nalo kumunda wa kumtunda. Sadafike. Aganyu adawapeza atagwa m'mbali mwa njira, mbale zitamwazika, pachitenje pali magazi. Adawanyamula m'bulangete. Kuyambira tsiku limenelo, kuchoka pamphasa kufika pakhomo ankafunika phewa la munthu.

A Kingston adabwera sabata yotsatira, atapsa ndi dzuwa, ali ndi matumba a mbewu ndi nkhani zambiri za apolisi a m'malire. A Ndau adawapatsa tsiku limodzi loti apume, pakuti si ulemu kutuma munthu fumbi likadali kumapazi. Kenako a Kingston adapita ku Champiti, chipewa m'manja. A Ngozo adawalandira, nawapatsa mpando, nafunsa za ulendo, za mvula ya ku Mozambique ndi za mtengo wa feteleza. Atamva uthengawo adadzidzimuka kwambiri. A Kingston adati sadaonepo munthu akudzidzimuka mwadongosolo chotero.

A Ngozo adafika ku Biriwiri atavala tayi. Adayamba alowa m'nyumba kukaona mlongo wawo, ndipo ataona mmene mafupa a m'khosi adatulukira, adagwira chitseko.

"Achimwene," Nangozo adatero, akumwetulira, "mwavalira tayi chifuwa?"

"Ndimangodutsa, mlongo wanga."

"Kudutsa ku Biriwiri kupita kuti? Ku Mozambique?"

"Ndati ndikuone. Chibale n'fupa, sichiola."

"Mafupawo ndi amenewa, aoneni. Thoko, awiritsire tiyi malume ako. Ndikadadzuka ndekha, koma miyendoyi yayamba mwano."

A Ngozo adatuluka msanga, napita kuseri kwa nyumba kumene adamina nthawi yaitali. Pobwerera nkhope idali itabwerera m'malo mwake.

Bwalo lidakhala pansi pa mtengo wa mapichesi: a Ndau ndi a Kingston mbali iyi, a Ngozo mbali iyo, Thokozile pamkeka chapatali.

"Ndau!" adayamba a Ngozo, akuwomba m'manja.

"Ngozo!" a Ndau adayankha.

"Nkhani zilipo zitatu. Yoyamba, foni. Yachiwiri, kuchedwa kwa uthenga. Yachitatu, wodwala."

"Malume, bwanji tiyambe ndi yachitatuyo?" Thokozile adafunsa.

"Mukumva, alamu? Ndi zimenezi ndikunena. Mwana amakula ndi zimene amaona pakhomo. Kukhoti munthu wolankhula asanapatsidwe mpata tinkamutulutsa."

"Munkamutulutsa ndinu, alamu, pakuti pakhomo munkaima ndinu," a Ndau adatero mofatsa.

"Ndinkaima pakhomo la boma. Ena amakhala pampando wa mjigo."

"Mjigowo anthu amamwapo madzi."

"Ndamva kuti udafa chaka chatha."

"Akuluakulu," a Kingston adalowererapo, "mutu umodzi susenza denga. Tabwera kudzathandizana."

"Denga lake ndi la mlongo wanga," a Ngozo adatero. "Wadwala theka la chaka, ine osauzidwa. Mwamudula nyama m'chifuwa, ine osauzidwa. Nyama ya kwa Ngozo! Kodi mukadamudula mwendo mukadandiuza?"

"Tinkayesa chifuwa wamba, alamu. Munthu suitana mudzi chifukwa cha chimfine."

"Nanga zotsatira zitatuluka?"

"Nkhoswe idali kunja kwa dziko."

"Inuyo mudali m'dziko."

"Ndikadabwera ndekha mukadati ndadumpha nkhoswe."

A Ngozo adaganiza pang'ono. "Ndikadatero," adavomera. "Koma mukadabwera."

Nkhani ya foni idatenga mpaka tiyi adazizira. Adagwirizana kuti Thokozile apepese. Iye adagwada pafumbi, napepesa kwa malume ake chifukwa chowauza kuti mlongo wawo akudwala, napepesanso kwa bambo ake chifukwa cha chinthu chomwecho. Nkhani yachiwiri idatha ndi tambala wofiira, amene a Ndau adapereka osati ngati chindapusa, adanenetsa, koma ngati ndiwo za alendo. A Ngozo adamulandira ngati chindapusa.

"Ndapepesa, tambala mwalandira," Thokozile adatero akadali chogwada. "Tsopano amayi tipita nawo liti?"

"Ine ngati mwini mbumba ndikuloleza," a Ngozo adalengeza. "Apite msanga. Matenda safuna kuchedwa. Ndikudabwa kuti mpaka lero akadali pano."

"Nanga owauza chimene akudwala ndani?"

Amuna aja adayang'anana.

"Mkazi ngwanu, alamu," a Ngozo adatero.

"Mlongo ngwanu, alamu. Mwangonena kumene kuti nyamayo ndi ya kwa Ngozo."

"Munthu wofooka chotere mukamuuza, safika ndi pamsewu pomwe."

"N'zimene ndakhala ndikumuuza mwanayu!"

"Pamenepo mwaganiza ngati munthu wamkulu, Ndau."

"Ngozo!"

Adagwirana chanza. Chidali chinthu choyamba kugwirizana chikwatire a Ndau.

Thokozile adaimba kuchipatala tsiku lomwelo. Adamuuza mwaulemu kuti malo a mayi ake adapatsidwa kwa wina, pakuti odikira ndi ambiri, ena ochokera kutali kwambiri kuposa Ntcheu. Adamupatsa tsiku lina, patsogolo ndithu. Masiku amenewo Nangozo adasiya phala, nayamba kugona chokhala, atatsamira matumba a chimanga, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa.

Tsiku la ulendo adawatengera kumsewu pangolo. Amuna onse awiri adapita nawo, pakuti palibe amene adafuna kuti mnzake akamve yekha. Pachipata cha chipatala Thokozile adakapempha kampando kamatayala.

Dokotala adali yemwe uja. Adayang'ana kampandoko, nayang'ana a Ndau. Adawayeza Nangozo, nawatumiza kokajambulanso ndi kokatenga magazi. Dzuwa litapendeka adawaitana onse m'kachipinda kake, nakokera mpando wake pafupi ndi wodwalayo.

"Amayi, mukudziwa chimene mukudwala?"

"Chifuwa chokhalitsa, adokotala. Chimatha kukafunda."

A Ndau adapeza kalendala pakhoma, nayamba kuiwerenga mwachidwi.

"Adokotala," a Ngozo adayamba, akukonza tayi, "mwamwambo wathu, nkhani zotere zimayamba zadzera kwa..."

"Bambo, ndikulankhula ndi mayiwa. Amayi, pali zimene tidapeza. Mukufuna ndikuuzeni, kapena ndiuze abale anu okha? Zili kwa inu."

Nangozo adayang'ana amuna awo, nayang'ana mlongo wawo, nayang'ananso dokotala.

"Ndiuzeni ine. Wotsokomola ndine."

Dokotala adawauza, pang'onopang'ono, m'Chichewa chosavuta. Nangozo sadakomoke. Adamvetsera ngati mmene ankamvetsera ulaliki, manja ali pamiyendo.

"Mwazipeza lero?"

"Ayi, amayi. Tidazipeza ulendo uja bambowa adabwera kudzatenga zotsatira."

"Tisanayambe kukumba kachewere."

"Sindidziwa za kachewere, amayi, koma papita nthawi."

"Nthawi imeneyo ndinkayenda. Ndinkasenza dengu." Adapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa. "Ndikadabwera pamenepo, mukadatani?"

"Sindikunamizani. Kuchiritsiratu sitikadatha. Koma tikadayamba mankhwala, ndipo ambiri amapeza nawo nthawi, ena yochuluka ndithu. Pano matenda afalikira, thupi lafooka. Mankhwala aja angakupwetekeni kuposa matendawo. Chimene tichite, tichotsa madzi amene adzaza m'chifuwamu kuti muzipuma bwino, ndipo tikupatsani mankhwala akumwa oletsa ululu. Sitikusiyani. Koma njira ija yatsekeka."

Nangozo adatembenukira kwa amuna awo.

"A Ndau, mumadziwa."

"Nangozo, ine ndimakutetezani. Ndimaopa kuti mtima wanu..."

"Achimwene?"

"Ine ndidamva mochedwa, mlongo wanga. Uthenga weniweni udandipeza..."

"Thoko?"

Thokozile adayang'ana mapazi a mayi ake.

"Tsiku lija la nyemba," Nangozo adatero.

"Eya, amayi."

Nangozo adagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu choti sagula. Kenako adatembenukira kwa dokotala. "Madziwo muchotsa lero? Ndikufuna ndikafike kwathu."

Adagona m'chipatala masiku ochepa, nabwerera ku Biriwiri ndi botolo la mankhwala. Kupuma kudapepukako. Amayi a mumpingo ankabwera kudzaimba nyimbo, ndipo Nangozo ankawauza okha dzina la matenda awo, momveka bwino, a Ndau ali pomwepo. Palibe amene adafunsa za chingambwe. Kwa amuna awo ndi kwa mlongo wawo ankangoyankha moni basi. A Ndau adayesa kawiri kufotokoza mfundo zawo, ndipo kawiri konse Nangozo adatseka maso pa mfundo yoyamba.

A Ngozo sadabwerere ku Champiti. Adati mwini mbumba sachoka pamene zinthu zili chonchi. Masana ena, dzuwa la Ogasiti litayamba kufunda, iwo ndi a Ndau adatulutsa mipando kukakhala pansi pa mtengo wa mapichesi, umene udali utachita maluwa, pafupi ndi windo la chipinda cha wodwala.

"Alamu, pali nkhani imene sitiyenera kuichedwetsa," a Ngozo adayamba. "Taphunzirapo pa zapitazi."

"Ndimafuna kunena zomwezo, alamu."

"Mlongo wanga akagona ku Champiti, pafupi ndi mayi ake."

"Pepani, Ngozo. Chitengwa ndidapempha, mudavomera. Ana ali kuno, zidzukulu zili kuno. Mpingo wake uli kuno, ndipo ine monga mkulu wa mpingo..."

"Mudapempha kukhala naye, simudapemphe kumusunga mpaka kalekale. Chobwereka chimabwerera kwa eni ake."

"Nanga anthu adzati chiyani, maliro a mkazi wa Ndau akachoka pakhomo pa Ndau pa lole ngati kabichi?"

"Adzati Ndau amadziwa mwambo."

M'chipindamo Thokozile adali atagwada pambali pa mphasa, akuthira mankhwala pasupuni. Nangozo adamwa, napukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Amayi," Thokozile adatero, "ndikadakuuzani tsiku lija."

"Ukadandiuza."

Adadikira kuti mwina pabwera mawu ena, koma sadabwere. Kunja mawu a a Ndau adakwera, akutchula za mtunda wa ku Champiti ndi kuipa kwa msewu wake.

"Akukangana chiyani kunjako?" Nangozo adafunsa.

"Palibe, amayi. Za mpingo."

Nangozo adatsegula maso, namuyang'ana mwana wawo.

"Wayambanso?"

Thokozile adaika supuni pansi. "Akukambirana kumene adzakuikeni."

"Oo. Akupambana ndani?"

"Zikuoneka ngati malume."

"Palibe wati akandifunse?"

"Palibe, amayi."

Nangozo adakoka bulangete kufika pachibwano, natembenukira kukhoma.

"Kawauze asunthe. Ndikufuna kugona."

Thokozile adatuluka, nakaima patsogolo pawo osagwada. "Amayi akuti musunthe. Akumva zonse, ndipo akufuna kugona."

Amuna aja adayang'ana windo, nayang'anana. A Ndau adavula chipewa. A Ngozo adati pepani, cholakwa n'chawo, akadayenera kuganiza za wodwala. Aliyense adanyamula mpando wake, nayenda nawo monyang'ama kudutsa pabwalo mpaka kuseri kwa khola la ng'ombe. Kumeneko adakhala pansi, ndipo a Ngozo adafunsa kuti paja adalekezera pati.